Musalinamizire dzungu, chilungulira chanu chili ndi eni ake

Nyengo ya maungu ikangofika mkangano woti kodi dzungu limayambitsa chilungulira kapena ayi umadzukanso, ndipo chaka chino ndaumva katatu konse mu sabata imodzi. Koyamba munali mu minibasi yochokera ku Lunzu, mayi wina atakwera ndi maungu awiri akuluakulu m'thumba la saka, ndiye bambo amene anakhala pafupi nawo amvekere "mayi, ine zimenezi ndinasiya kalekale, ndikangodya usiku wonse pamtima pamachita kuyaka moto", asanamalize n'komwe mnyamata wina kumbuyo wawadula kuti ayi bambo mukulakwitsa, dzungu ndiye mankhwala a asidi, mudzidya tsiku lililonse muchira. Basi minibasi yonse inagawikana pawiri mpaka ku Wenela. Kenako nkhani yomweyo ndinaipeza pa gulupu ya WhatsApp ya kumudzi kwathu, wina watumiza mndandanda wa zakudya zoti munthu wa asidi asamayandikire ndipo dzungu lili momwemo pakati pa mandimu ndi tsabola, winanso watumiza voice note yoti dzungu ndi alkaline, kutanthauza chotsutsana ndi asidi, limatsuka m'mimba. Kachitatu anali azakhali anga enieni, amene chaka chino alima maungu ambiri koma ankangogawira anthu chifukwa akuti iwo anawaletsa.

Ine mbali yanga ndiinene poyambirira pomwe kuti tisataye nthawi. Dzungu lophika bwinobwino, lopanda zothirathira, ndi chakudya choyenera kwa anthu ambiri amene amavutika ndi chilungulira, ndipo pa zakudya zonse zimene timadya pa Malawi pano lili m'gulu la zofatsa kwambiri. Chimene chimawotcha anthu nthawi zambiri si dzungulo ayi, koma zimene talithira, zimene tamwera, kuchuluka kwa mbale, ndi nthawi imene tadya. Koma pomwepo ndinenenso kuti dzungu si mankhwala, silichiza chilungulira ndipo amene akukuuzani kuti musiye mapiritsi muzingodya maungu akukuikani pa ngozi. Ndikufuna ndiyankhe magulu onse awiri, koma ndikhala nthawi yaitali ndi amene akuliletsa chifukwa iwowa ndi amene akulanda anthu chakudya m'kamwa.

Choyamba timvetsetsane kaye kuti chilungulira n'chiyani, chifukwa mkangano wambiri ukuchokera pamenepa. M'chifu mwa munthu aliyense muli asidi, si matenda ayi, ndi mmene tinalengedwera, ndipo asidi ameneyu ndi wamphamvu zedi moti ndi amene amathandiza kugaya nyama ndi kupha tizilombo tobwera ndi chakudya. Chifu chili ndi chikuto chake chochiteteza, koma njira imene chakudya chimatsikira kuchokera kummero ilibe chitetezo chotero. Ndiye pamene njirayi ikukumana ndi chifu pali kamnofu kozungulira kamene kamagwira ntchito ngati kachitseko, kamatseguka chakudya chikamatsika kenako n'kutsekanso. Kachitseko aka kakafooka, kapena kakamatseguka nthawi yolakwika, kapena chifu chikadzadza kwambiri mpaka kukankha kuchokera pansi, asidi uja amakwera m'mwamba, ndiye moto umene mumamva pamtima uja, pena mpaka madzi owawasa kufika m'kamwa. Tsono funso lolondola pa chakudya chilichonse si lakuti kodi n'chotsekemera kapena n'chachikasu, koma kodi chimafooketsa kachitseko kaja, kodi chimachedwa kutuluka m'chifu, kodi chimanyula pamene pali potupa kale? Zimene zimadziwika kuti zimachita zimenezi ndi mafuta ambiri, mowa, fodya, khofi, chokoleti, zakumwa za gasi, tsabola, zipatso zowawasa, matimati ndi anyezi kwa anthu ena. Dzungu pa mafunso atatu onsewo limapambana mayeso.

Tiyeni tilitsegule dzungulo tione m'kati. Pa magalamu 100 a dzungu wamba, oposa 90 ndi madzi okhaokha, mafuta ake ndi kachigawo kochepetsetsa, pafupifupi 0.1 galamu, ndipo mphamvu yake ndi ma kalori 26 basi, olo maungu ouma aja a mtundu wa butternut amangofika cha m'ma 45. Likapsa limafewa moti ngakhale agogo opanda mano amadya osavutika, mwana wa miyezi 6 amene akuyamba kumene kudya timamupotera m'phala. Mtundu wachikasu uja ndi umene thupi limasandutsa vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, mulinso potaziyamu. Ndiye tandiuzeni abale anga, chakudya chopanda mafuta, chofewa, chamadzi ambiri, chosawawa, chosawawasa pa lilime, chingafooketse bwanji kachitseko kaja kuposa chipisi cha pa chiwaya chimene munthu yemweyo amadya masana osadandaula?

Tsopano mfundo yoyamba ya otsutsa, ndipo ndi yamphamvu kuposa zonse choncho sindiipeputsa. Iwo amati, inu mukunena za m'mabuku koma ine ndikunena za thupi langa, ndikadya dzungu ndimapsa pamtima, nkhani yathera pomwepo. Ndikuvomera kuti akumvadi kuwotcha, sakunama. Koma funso langa limakhala limodzi, munalidya bwanji ndipo nthawi yanji? Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga kwa azakhali aja. Ndinagona kwawo mwezi wa Epulo chaka chatha, madzulo cha m'ma 7 tinadya nsima, iwo mitanda itatu, ndiwo zake usipa wokazinga mu mafuta ambiri ndi matimati ndi anyezi, pambali kambuzi wosinja. Titamaliza, mphika wa maungu unali ukadali pa mafuwa, anaudula mapisi akuluakulu makoko ali pansi, timadzi pang'ono, pamwamba avundikira ndi mbale, fungo lokoma lija lili m'nyumba monse. Cha m'ma 8 anaphula, ndiye poti maungu otentha sakanika, anadya mapisi anayi akumwera tiyi wa masupuni atatu a shuga, pasanathe theka la ola ayala mphasa agona chagada. Pakati pa usiku ndinawamva akudzuka akugeya, akufuna madzi, m'mawa mwake mawu oyamba anali oti "mwanawe, maungu aja andipweteka". Usipa wa mafuta uja sanautchule, kambuzi sanamutchule, mitanda itatu ija ayi, tiyi ayi, kugona mimba ili ndii ayi, mlandu wonse unagwera amene analowa pomalizira.

Ndipo ichi n'chimene chimachitika m'makomo ambiri, chifukwa kwathu kuno dzungu sitiliwerengera ngati chakudya chenicheni, timalitenga ngati chongotsekera pamwamba kapena chodyera pocheza, ndiye limabwera chifu chitadzadza kale. Chinanso, munthu akageya amamva fungo la dzungu kummero, basi amatsimikiza kuti wapeza wolakwa, pamene chimene chachitika n'chakuti zonse za m'chifu zakwerera limodzi ndipo dzungu ndi limene linali pamwamba. Onjezerani apo kaphikidwe. Futali amakoma, palibe wotsutsa, koma nsinjiro ndi mtedza ndipo pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, ndiye mukathira nsinjiro zodzadza manja awiri mu mphika wa maungu mwasintha chakudya chopanda mafuta kukhala chamafuta ambiri chimene chichedwe kutuluka m'chifu. Chimodzimodzi amene amapaka majarini, amene amakazinga, amene amathira mkaka wa kirimu popanga supu, ndi abale athu okhala ku America amene amadya pie wa maungu wodzadza ndi batala, shuga ndi zokometsera. Onsewa akapsa pamtima amati dzungu, koma dzungu lenilenilo mu mbale imeneyo linali ngati mlendo chabe.

Mfundo yachiwiri imene ndimaimva kawirikawiri ndi yakuti dzungu ndi mbatata ndi pachibale, zonse n'zotsekemera, ndiye poti mbatata imadziwika kuti imapatsa chilungulira dzungunso ndi chimodzimodzi. Apa ndikumvetsa kumene maganizowa akuchokera, chifukwa zoonadi anthu ambiri amadandaula ndi mbatata makamaka youma ija yodyera tiyi m'mawa. Koma ziwirizi si pachibale olo pang'ono, mbatata ndi muzu wosunga chakudya cha mbewu pamene dzungu ndi chipatso cha banja limodzi ndi nkhaka ndi mavwende. Pa magalamu 100 mbatata ili ndi ma kalori pafupifupi 86 ndi magalamu 20 a zakudya zopatsa mphamvu, dzungu wamba lili ndi magalamu osafika 7. Mbatata ndi yolemera, youma, imakhala nthawi m'mimba ndipo kwa ena imadzadza mpweya, dzungu ndi lopepuka. Ndiye kuweruza dzungu chifukwa cha zimene inachita mbatata kuli ngati kumanga munthu chifukwa wavala malaya ofanana ndi a wakuba. Komanso kutsekemera kwa dzungu n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi shuga amene timathira tokha mu kapu imodzi ya tiyi.

Mfundo yachitatu imachokera kwa anzathu ophunzira, amene amati tafufuzani pa intaneti muona kuti dzungu pH yake, nambala yoyezera ukali wa asidi, ili cha pa 5, ndipo chilichonse chochepera 7 ndi asidi, ndiye munthu wa asidi awonjezerenso asidi? Nambalayo ndi yoona, dzungu limakhala pakati pa 5 ndi 5.5, koma kamasuliridwe kake ndi kamene kalakwika. Pafupifupi chakudya chilichonse chimene timadya chili pansi pa 7, nsima, nyemba, nyama, mkaka, buledi, zonsezo, ndiye tikatsatira lamulo limenelo titsala ndi madzi okha. Chofunika kudziwa n'chakuti pa sikelo imeneyi nambala ikatsika sitepe imodzi ukali umawirikiza ka 10, kutanthauza kuti asidi wa m'chifu amene amatsika mpaka cha pa 2 ndi waukali kuwirikiza pafupifupi ka 1,000 kuposa dzungu la pa 5. Mandimu ali cha pa 2 mpaka 2.5, zakumwa za gasi zakuda zija zili cha pa 2.5, matimati ali cha m'ma 4. Ngakhale madokotala akamayeza asidi wokwera kummero ndi makina, amawerengera kuti asidi wakwera pamene nambala yatsika pansi pa 4, ndipo dzungu silifikako kumeneko. Choncho dzungu likalowa m'chifu silikuwonjezera ukali, likulowa m'malo amene ndi aukali kale kuposa ilo kutalitali.

Mfundo yachinayi ndi ya mpweya, akuti maungu amatupitsa mimba ndipo mimba ikatupa asidi amakwera. Gawo lachiwirilo ndi loona, chifu chikafufuma kachitseko kaja kamatseguka pafupipafupi kuti mpweya utuluke ndipo asidi amapezerapo mwayi. Koma chofufumitsa chifu kwambiri ndi kuchuluka kwa zimene talowetsa nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene dzungu limatinyenga, chifukwa ndi lofewa, limatsika mosavuta, munthu umatha theka la dzungu lonse osazindikira. Theka la dzungu lalikulu ndi kilogalamu kapena kuposa, olo atakhala madzi akumwa okhaokha ochuluka choncho ukagona nawo akhoza kubwerera. Yankho lake apa ndi kuchepetsa mbale, osati kuthamangitsa dzungu pakhomo.

Mfundo yachisanu ndi imene imandivuta mumtima, yoti "anandiletsa kuchipatala". Sindikufuna kulimbana ndi ogwira ntchito zachipatala, amagwira ntchito yolemetsa, pa mzere pali anthu 100 ndipo alibe mphindi 20 zokhala ndi munthu mmodzi kufunsa kuti mumadya chiyani nthawi yanji. Ndiye zimachitika kuti wodwala akanena kuti ndikadya maungu ndimapsa, yankho lachangu limakhala lakuti basi asiyeni, ndipo wodwala uja akafika kumudzi amakalengeza kuti adokotala aletsa maungu kwa onse a asidi. Langizo la munthu mmodzi lasanduka lamulo la mudzi wonse. Chonsecho malangizo a akatswiri a matenda a m'mimba masiku ano, mwachitsanzo amene bungwe la American College of Gastroenterology linatulutsa mu 2022, sanena zoti aliyense apatsidwe mndandanda wautali wa zoletsedwa, amati munthu apewe zakudya zimene iyeyo waona kuti zimamuyambitsira vuto, achepetse thupi ngati lanenepa, asiye fodya, asadye patangotsala maola 2 kapena 3 kuti akagone, ndipo akweze kumutu kwa bedi. Tisaiwalenso kuti kwathu kuno timaphatikiza chilungulira ndi zilonda za m'mimba ngati chinthu chimodzi, zonse timangoti ma ulcers, pamene ndi matenda awiri osiyana. Zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anakatulukira kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2005, komanso ndi mankhwala opha ululu monga brufen, aspirin ndi diclofenac amene timangogula pa okala n'kumamwa m'mimba muli pululu. Munthu wotere olo atasiya maungu zaka 10 sachira, akufunika mankhwala opha kachilomboko kapena kusiya mapiritsi amene akumunyula.

Ena anena kuti nanga vuto lili pati munthu akangosiya dzungu pofuna kusamala, si bola kupewa? Vuto lilipo ndipo ndi lalikulu, kungoti amene amalemba mindandanda iyi pa foni sakhala kumudzi mwezi wa Febuluwale ndi Malichi. Nthawi imeneyo nkhokwe yatha, chimanga cha m'munda sichinaume, mtengo wa ufa pa msika wakwera, ndipo chimene chimagwira mabanja ambiri kuti afike pa kukolola ndi maungu amene anadzala m'mizere ya chimanga, pamodzi ndi nkhwani ndi chiluwe chake. Ukamuuza mayi wa kumudzi kuti usadye maungu, usadye mbatata, usadye nyemba, usadye matimati, usadye mtedza, wamusiyira chiyani? Amatsala ndi nsima ndi mchere, kapena tiyi ndi mandasi amene ndi okazinga m'mafuta ndipo ndi amene amawotchadi. Ndaonapo anthu akuonda, akufooka, akuopa mbale iliyonse, osati chifukwa cha matendawo koma chifukwa cha zoletsa zopanda maziko. Ndipo kwa wa m'tauni amene vuto lake ndi kunenepa pamimba, kumene kumakankha chifu m'mwamba, dzungu ndi limene likanamuthandiza kukhuta ndi ma kalori ochepa m'malo mwa buledi wa majarini ndi chipisi.

Tsopano nditembenukire kwa mnyamata wa mu minibasi uja ndi onse a voice note, amene akuoneka ngati ali mbali yanga koma sindikugwirizana nawo. Zoti dzungu ndi alkaline limazimitsa asidi sizoona, tanena kale kuti nambala yake ili pa 5, ndipo chifu chimapanga asidi watsopano nthawi iliyonse chakudya chikalowa, kaya ndi dzungu kaya ndi chiyani. Chimene dzungu limachita n'chakuti silisokoneza, ndipo likalowa m'malo mwa chakudya chamafuta munthu amapezako bwino, koma kachitseko kofooka silikakonza. Amene akugulitsa ufa wa nthanga za maungu m'mabotolo kuti ndi mankhwala a asidi adziwe kuti nthangazo, ngakhale zili ndi zomanga thupi ndi zinc, pafupifupi theka lake ndi mafuta ngati mtedza womwe, ndiye munthu wa chilungulira akakazinga mbale yonse n'kumatafuna usiku akhoza kuvutika kuposa kale. Pang'ono zilibe vuto, kungoti si mankhwala. Chimodzimodzi chizolowezi chathu chomwa soda wosungunula m'madzi, inde moto umazima kwa kanthawi chifukwa soda amalimbana ndi asidi, koma pomwepo amatulutsa mpweya wambiri m'chifu, munthu amageya, asidi amakweranso, komanso soda ali ndi sodium wambiri amene si wabwino kwa odwala BP ndi amayi oyembekezera. Olo mu nkhwani momwe, soda kapena chidulo chikachuluka chimapha mavitamini ena, bola kusadzula bwino masamba anthete n'kuphika mwachangu. Ngati munapatsidwa omeprazole, mapiritsi ochepetsa asidi aja, imwani mmene anakuuzirani, nthawi zambiri m'mawa musanadye, dzungu lizikhala chakudya pambali pake.

Amayi oyembekezera ndiwatchule mwapadera chifukwa iwowa ndi amene amalandira zoletsa zambiri kuchokera kwa apongozi ndi anansi. Chilungulira pa mimba n'chofala kwambiri makamaka miyezi yomalizira, chifukwa mahomoni a mimba amafewetsa kachitseko kaja komanso mwana akamakula amakankha chifu m'mwamba. Si dzungu, ndipo nthawi zambiri chimatha mwana akabadwa. Mayi wotere akufunika kudya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndipo mapisi awiri a dzungu cha m'ma 10 m'mawa ndi abwino kwa iye kuposa kudikira njala mpaka madzulo n'kudzadya mbale yaikulu kamodzi.

Komabe sindikunena kuti palibiretu munthu amene dzungu limamuvuta, matupi athu ndi osiyana, ndipo akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chimene ndikupempha n'chakuti mlandu uzengedwe mwachilungamo dzungu lili lokha m'bwalo. Phikani ndi madzi okha, kamchere pang'ono ngati mukufuna, osathira nsinjiro, majarini kapena shuga. Idyani mapisi awiri apakatikati masana, litapolako osati likutuluka nthunzi, musamwere tiyi kapena zakumwa za gasi, ndipo musagone kapena kuwerama kuchapa kwa maola atatu. Chitani choncho masiku atatu kapena anayi osiyana, muzilemba penapake zimene mwamva. Mukapsa pamtima ulendo uliwonse, ndiye kuti inuyo dzungu silikuyanjani, lisiyeni ndipo palibe angakutsutseni, koma musakaletse mudzi wonse. Azakhali anga ndinawachonderera kuti ayese chonchi, anakana kaye amvekere "iwe ukufuna undiphe", koma atayesa masana kangapo sanamve kanthu, pano zimene anasintha ndi zoti mgonero amadya dzuwa likangolowa, kambuzi anachepetsa, ndipo miyendo ya kumutu kwa bedi lawo tinaikako njerwa kuti kukwere ndi masentimita 15 mpaka 20, chifukwa kuunjika mapilo kumangopinda munthu pamimba. Amagonanso chakumanzere, kumene kumathandiza kuti asidi asakwere msanga. Chilungulira chimabwerabe akadya pa ukwati kapena pa maliro pamene ndiwo zimasambira m'mafuta, koma si cha usiku uliwonse ngati kale.

Chinthu chimodzi chokha chimene sindikufuna kuti chisochere mu mkangano wa maunguwu ndi ichi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse lapansi, ndipo anthu ambiri amafika kuchipatala mochedwa chifukwa anakhala miyezi akusinthasintha zakudya, lero asiya nyemba mawa asiya maungu, akuganiza kuti ndi asidi wamba. Ngati chakudya chayamba kukakamira pachifuwa pomeza, poyamba nyama ndi nsima yolimba kenako olo dzungu lofewa lomweli, ngati mukuonda osadziwa chifukwa, mukusanza magazi kapena zakuda ngati khofi, chimbudzi chikutuluka chakuda bii, kapena chilungulira chakhala masabata angapo osamva mankhwala, musafunsenso pa gulupu kuti ndidye chiyani, pitani kuchipatala mukanene zizindikirozo momveka kuti akutumizeni kokaunika kummero ndi kamera, ku zipatala zazikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe amaunika. Ndipo ululu wa pachifuwa ukabwera ndi thukuta, kubanika, kapena ukutsikira ku dzanja lamanzere ndi nsagwada, umenewo ukhoza kukhala mtima, thamangani nthawi yomweyo olo kukhale pakati pa usiku.